Kunenepa kwa Ana Athu a m'Lusaka



Nkhani yanga ya lero yachokera m'kalata. Amai ena a ku Chelstone anandilembera mwezi wathawu, ndipo dzina lao sindilitchula, pakuti sanandipatse ufulu wotero. Amai amenewa ali ndi mwana wamkazi wa zaka 14, wanzeru m'kalasi, waulemu panyumba, koma wonenepa kopambana anzache onse. Akuti mwanayo analeka kupita kubwalo tsiku la masewera, chifukwa anzache amamseka akathamanga. Tsiku limenelo mutu umamuwawa m'mawa, nuleka madzulo. Ndipo anamaliza kalata yao ndi funso ili: "Agogo ache ati mwana ali bwino, aoneka kuti alikudya. Anesi a kukiliniki ati achepetse thupi. Nanga ine ndimvere yani?"

Ine sindine dotolo, amai, ndipo sindifuna kudziyesa dotolo. Koma ndafunsa kwa odziwa, ndawerenganso zimene analemba, ndiponso mwana wotere ndiri naye m'banja mwathu momwe, mwana wa mlongo wanga. Za iye ndidzanena patsogolo, ngakhale kuti m'nkhani imeneyo wochita manyazi ndine.

Ndiyambe ndi agogo, pakuti si bwino kuwayesa opusa. Iwo anakula m'masiku amene mwana wonenepa anali chizindikiro cha nkhokwe yodzala ndi cha mai wodziwa kulera. Kufikira lero, mbale wathu akabwera kuchokera kutali timamlonjera ndi mau akuti, "Mwanenepatu!" ndipo iye amakondwa, podziwa kuti tamtama. Palinso china chimene anyamata ndi atsikana a lero sachidziwa bwino. M'zaka za m'ma 1980 ndi 1990 m'mudzi uno munali maliro tsiku ndi tsiku, ndipo nthenda imene inatha anthu ija ambiri analikuitcha kaliondeonde. Munthu akayamba kuonda, anansi analikunong'onezana kuseri. Pulezidenti Kaunda mwini anaimirira m'chaka cha 1987 nauza anthu poyera kuti mwana wache anafa ndi AIDS, pa nthawi imene mabanja ambiri analikubisa. Ine ndinali kamwana pakutha pa nyengo imeneyo, koma ndikumbukira amai anga akundigwira pamkono nditachira malungo, kuyesa ngati mnofu wabwerera. Tsono munthu amene anaperekeza abale ache atatu kapena anai ku Chingwere kapena ku Leopards Hill ataonda ngati bango, simungamuuze tsiku limodzi kuti mdzukulu wache wanenepetsa. Masaya a mwanayo ndiwo amamgonetsa tulo.

Ndiponso njala siinachoke m'dziko. Kufufuza kwa boma kwa chaka cha 2018 kunapeza kuti mwa ana 100 ali onse osafika zaka 5, ana 35 anali opinimbira chifukwa cha kusowa zakudya zoyenera. Koma bvuto lachiwiri lafika loyambalo lisanatsazike. Kufufuza kwa mtundu womwewo kunaonetsa kuti mwa akazi a zaka 15 kufikira 49, amene anali ndi thupi lopitirira muyeso anali 12 mwa 100 m'chaka cha 2002, nakhala 19 m'chaka cha 2007, ndi 23 m'chaka cha 2014; ndipo ochuluka a iwo anali a m'matauni. Za ana a zaka 5 kufikira 19, bungwe la World Health Organization linawerenga kuti pa dziko lonse lapansi onenepa kopitirira anali 8 mwa 100 m'chaka cha 1990, koma pofika 2022 anali 20 mwa 100, ndiwo ana oposa 390 miliyoni. Taonani chinthu ichi: mwana wa m'Zambia amaikidwa pa sikelo mwezi ndi mwezi kufikira zaka 5, khadi lache nililembedwa bwino lomwe. Akapyola pamenepo palibenso womuyesa, kufikira tsiku limene adzadwala. Zaka zonse za kutha msinkhu, pamene thupi lisintha koposa, zimapita popanda woyang'anira.

Nanga anesi aopanji? Ndifotokoze monga anandifotokozera ine. Nsima, buledi, mpunga ndi shuga, tikadya, zimasanduka shuga wa m'magazi, ndipo shuga ameneyu ndiye nkhuni za thupi. Kuti achoke m'magazi nalowe m'minofu pafunika mankhwala otchedwa insulin, amene thupi limapanga lokha m'kapamba. Insulin ali ngati kapitao wosunga makiyi a zitseko za minofu. Mafuta akachuluka, makamaka a pamimba, zitseko zija zimayamba kulimba. Kapamba amagwira nchito kowirikiza kuti azitsegule, chaka ndi chaka, kufikira atatopa. Pamenepo shuga amatsalira m'magazi nayamba kuononga pang'onopang'ono maso, impso, mtima ndi mitsempha ya kumapazi. Awa ndiwo matenda a shuga amene kale tinalikuti ndi a nkhalamba ndi a mabwana. Lero madotolo a m'maiko ambiri alikuwapeza mwa ana a sukulu. Kuthamanga kwa magazi nakonso kumayenda nao pamodzi. Akulu anati chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere.

Pali chizindikiro chimodzi chimene ndifuna amai onse achidziwe. Mwana wonenepa nthawi zina amada kumbuyo kwa khosi ndi m'khwapa, khungu nilikhuthala ngati lapakidwa mwaye. Amai ambiri amayesa litsiro, namkalipira mwana kuti sasamba, namkwecha ndi mwala kufikira alira. Si litsiro iai. Kawirikawiri kumakhala kuti zitseko zija zayamba kulimba, ndipo mwana wotere apite akapimidwe magazi. Chimodzimodzi ngati amva ludzu kosaleka nadzuka kawirikawiri usiku kukataya madzi, ngati aliza mkonono waukulu nagona m'kalasi usana, kapena ngati ayamba kutsimphina ndi kudandaula bondo kapena m'chiuno popanda kugwa. Izi musadikire nazo.

Koma uthenga wokondweretsa ulipo, ndipo ndiwo mutu wa nkhani yanga. Mnofu ukamagwira nchito umadzitsegulira wokha zitseko zija, numakoka shuga m'magazi ngakhale insulin ali wofoka. Chifukwa chache mwana amene wayamba kuyenda ndi kusewera amayamba kuchira m'kati masabata oyamba omwe, sikelo isanasunthe ngakhale pang'ono. Mankhwala ache ndi thukuta. Funso ndi lakuti, thukutalo linapita kuti?

Ambiri amayankha msanga kuti ana a lero ndi aulesi. Ine ndikana, ndipo mundilole ndikuuzeni chifukwa. Ndinakulira ku Kabwata, kufupi ndi Burma Road. Kabwata anamangidwa m'masiku a Azungu kuti mukhale anthu akuda ogwira nchito m'tauni, Lusaka atakhala likulu m'chaka cha 1935, ndipo nyumba zache zinali zozungulira, zofolera udzu. Zambiri zinagwetsedwa m'zaka za m'ma 1970, nizitsala 43 zimene mu 1974 zinasanduka Kabwata Cultural Village. Agogo anga amuna analikuchoka pamenepo pansi kupita kunchito, ndi kubwerera pansi. Pamene ine ndinali mwana zinali zitasintha, koma tsiku langa linali lodzalabe ndi miyendo. Kusukulu pansi, kubwerako pansi. Ukangofika amai akutuma kumsika kukagula makala ndi matimati. Pampopi pakauma, unyamule chigubu. Zikatha izi tinalikumenya chimpombwa, mpira wathu womanga ndi mapepala a pulasitiki, kufikira mdima utabisa magoli. Alongo athu ali pa waida ndi pa gemu, ndipo mwezi ukawala tonse ku chidunu. Nditapita kusukulu ya mishoni kum'mawa, kumeneko kunali khasu, chikwakwa ndi kuthamanga m'tchire Loweruka m'mamawa, wofuna ndi wosafuna yemwe. Panalibe ndi mmodzi yemwe wa ife amene analikuti alikulimbitsa thupi. Sitinali akhama kopambana ana a lero. Tsiku lokha ndilo linalikutiyendetsa.

Tsono tiyeni titsate tsiku la mwana wa ku Woodlands kapena wa ku Kabulonga. Adzuka mdima ulipo, alowa m'motoka, nakhala chikhalire pa mzere wa mamotoka wa m'Independence Avenue. Afika, akhala pa desiki kufikira masana. Akaweruka pali maphunziro ena apadera amene atate ache alipira, pakuti mayeso ali pafupi, akhalanso. Abwerera m'motoka, geti litseguka, litsekeka. Nyumba yazingidwa ndi mpanda wa njerwa, pamwamba pache waya wa magetsi. Kusesa, kuchapa ndi kuthirira maluwa kuli ndi anchito ache. Chomtsalira ndi foni ndi TV. Mwana wa ku Chelstone, amene sukulu yache iri m'tauni, makilomita oposa 10, amachita chimodzimodzi m'minibasi ya m'Great East Road. Ngakhale wa ku Kabwata sali monga tinaliri ife. Ndinapita kukaona bwalo limene tinalikusewerapo, ndipo ndinapeza potsukira mamotoka, timasitolo ndi mpanda. Lusaka amene m'chaka cha 1963 anali ndi anthu osakwana 200,000, pa kalembera wa 2022 anali ndi anthu oposa 2 miliyoni, ndipo malo ali onse opanda kanthu wina amawaona ngati puloti.

Kodi mpanda uja anamanga ndi mwana? Kodi ndi mwana amene anagulitsa bwalo, kapena amene anakonza miseu yambiri yopanda poyenda anthu apansi? Tinachita ndife, ndipo zambiri tinachita mwa chikondi, poopa akuba ndi mamotoka othamanga, pofuna kuti ana athu asabvutike monga tinabvutikira ife. Walira mvula walira matope. Koma si chilungamo kumlanda mwana njira, bwalo ndi nchito, ndi kumtcha waulesi pambuyo pache. Umboni wache tinauona m'chaka cha 2024, chilala chitaphwetsa madzi a ku Kariba, magetsi nazima maola ambiri pa tsiku. Chinali chaka chowawa, ndipo sindichifunanso. Koma ndani sanaone ana akutuluka m'mageti madzulo, foni zitatha moto, nayamba kuthamangitsana m'miseu monga ana a nthawi zonse?

M'chaka cha 2019 bungwe lija la World Health Organization linafalitsa zimene linapeza mwa ana a sukulu 1.6 miliyoni a zaka 11 kufikira 17, a m'maiko 146. Ana 81 mwa 100 sanalikufika pa muyeso wa kugwiritsa nchito thupi umene uyenera msinkhu wao. M'maiko onsewo atsikana anatsalira kumbuyo kwa anyamata, kupatula maiko anai okha: Tonga, Samoa, Afghanistan ndi Zambia. Tisakondwere msanga, pakuti ndi kuno komwe ochuluka a anyamata ndi atsikana omwe sanafike pa muyesowo. Ndipo m'kuganiza kwanga, chimene chinakweza atsikana athu si masewera iai, koma tsache, chidebe ndi beseni lochapira. Banja likalemera nililemba wanchito, izinso zimachoka. Ndipo mtsikana saloledwa kutuluka kukasewera monga aloledwa mlongo wache. Mwana wa amai a ku Chelstone aja ndiganiza ali pamenepa.

Tsopano ndiulule mlandu wanga. Mwana wa mlongo wanga akhala ku Woodlands, ndipo pa nthawi imene ndirikunena anali ndi zaka 15. Thupi linamchuluka makamaka m'chaka cha 2020, masukulu atatsekedwa chifukwa cha mliri wa korona, ndipo silinabwerere. Ine monga amalume ndinaona kuti nchito imeneyi ndi yanga. Poyamba ndinampatsa dzina lakuti Chimimba, poyesa kuti akachita manyazi adzasintha. Iye analikuseka pamodzi nafe, ine osadziwa kuti kusekako kunali kubisa nkhope. Kenaka Loweruka lina ndinamdzutsa m'mamawa kuti tikathamange makilomita 5. Tisanathe ngakhale imodzi anayamba kupuma mobvutika. Ine ndinamkalipira, iye nayesanso, nasanza m'mbali mwa mseu, anyamata ena oyembekeza basi naseka. Anabwerera kunyumba osanena kanthu, ndipo kwa miyezi iwiri ndikafika pakhomo iye analikulowa kuchipinda natseka chitseko. Mlongo wanga anandiuza kuti m'miyezi imeneyo mwanayo anadya koposa kale, mobisa, usiku.

Amene anatithandiza ndi nesi wina wachikulire amene anaona khosi lache lakuda. Anampima, napeza kuti magazi ache athamanga kopitirira msinkhu wache, ndi shuga ali m'malire. Nesi ameneyu sanamkalipire mwana. Anakalipira ife. Anati, "Inu akulu, mufuna mwana asinthe yekha m'nyumba imene siisintha?" Ndipo anamfunsa mwanayo funso limene ine sindinaliganize konse, ndilo lakuti iye mwini akonda chiani.

Zimene zinatsata zinali zazing'ono, zosayenera ndi kuzisimba pa wailesi, koma ndizo zinagwira nchito. Atate ache anayamba kumtsitsa m'motoka kilomita imodzi asanafike pa geti la sukulu. Amai ache anayamba kuyenda naye madzulo, mphindi 15 poyamba, kenaka 30, ndipo akuti m'maulendo amenewo anamva za mwana wao zimene sanazimve zaka zitatu. Kutsuka motoka kunakhala nchito yache, pamodzi ndi kadimba ka chibwabwa kuseri kwa nyumba. Ndipo iye mwini anasankha masewera a judo pa kalabu ina, kumene thupi lalikulu siliri la manyazi, pakuti anthu amalimbana monga mwa kulemera kwao. Patapita chaka sikelo inatsika makilogalamu awiri okha, ndipo agogo ache sanaone kusiyana kweni kweni. Koma anali atatalika, lamba anabwerera mabowo awiri, magazi analikuyenda bwino, ndipo khosi linayamba kuyera. Ine anandikhululukira mochedwa. Dzina lija ndinalileka, koma iye salikuliiwala, ndipo sindimuimba mlandu.

Muyeso umene odziwa anaika m'chaka cha 2020 ndi uwu: mwana wa zaka 5 kufikira 17 azigwiritsa nchito thupi mphindi 60 pa tsiku, ndipo masiku atatu pa sabata pakhale zolimba ndithu, zolimbitsa minofu ndi mafupa, monga kulumpha chingwe, mpira kapena kukwera phiri. Mphindi 60 zimenezi siziyenera kukhala za nthawi imodzi iai. 20 popita kusukulu, 20 pobwera ndi 20 zobvina madzulo zakwana. Mungadziwe bwanji kuti liwiro lakwana? Ngati mwana atha kulankhula koma satha kuimba, ali pa muyeso wabwino. Ngati satha ngakhale kulankhula, mwamfulumizitsa, monga ndinachitira ine. Wolemera thupi ayambe ndi kuyenda, njinga kapena kusambira, zimene sizipweteka maondo, ayambire mphindi 10 kapena 15, naonjeze sabata ndi sabata. M'Okutobala asankhe m'mawa kapena madzulo, amwe madzi. Ngati ali ndi mphumu, kapena amamva kuwawa pachifuwa kapena chizungulire akathamanga, aonane ndi adotolo poyamba.

Sindingabise kuti miyendo yokha siingathe nchito yonse ngati pakamwa pali potseguka. Choyamba kuchiyang'ana si nsima iai, koma botolo. M'botolo limodzi la 500 ml la zakumwa zambiri zotsekemera muli shuga wokwana masupuni ang'ono 10 kapena kuposa, pamene munthu wamkulu alangizidwa kusapitirira masupuni 12 tsiku lonse, ndipo 6 ndiwo abwino koposa. Mwana amamwa botolo limenelo m'mphindi zitatu, koma kuti alitenthe ayenera kuyenda mwamphamvu mphindi 45 kapena ola lathunthu. Ndamva makolo ena akunena kuti shuga wa m'Zambia ndi mankhwala, popeza kuyambira 1998 amaikamo vitamini A. Inde amaikamo, koma shugayo akhalabe shuga. Boma linaika msonkho wa 30 ngwee pa lita ya zakumwa zotere m'chaka cha 2019, koma sindinaonepo mwana amene anabweza botolo chifukwa cha msonkhowo. Wobweza botolo ndi amene amagula za panyumba.

Za mbale ya masana ndi ya madzulo, malangizo a kadyedwe amene boma linatulutsa m'chaka cha 2021 sanena zachilendo kwa agogo: zakudya za mitundu mitundu, masamba ndi zipatso tsiku ndi tsiku, mafuta, mchere ndi shuga pang'ono. Nsima ya mgaiwa imakhalitsa m'mimba kopambana yoyera. Mitanda ichepe, ndiwo zichuluke: chibwabwa, bondwe, kalembula, delele, nyemba, kapenta, ndipo saladi asasambire m'mphika. Ndalama ya pa buleki imene imathera pa vitumbuwa, chipisi ndi soseji ingagule chimanga chootcha, nshawa, kandolo kapena magwafa. Koma zinthu ziwiri ndikupemphani. Musamphikire mwana mbale yache yache ya masamba pamene inu mulikudya nkhuku yokazinga pamaso pache. Chimenecho ndi chilango, ndipo adzabwezera usiku. Ndiponso musammane chakudya, kapena kumgulira tiyi ndi mapilisi oondetsa amene alikugulitsidwa pa foni ndi m'misika. Mwana alikukula, mafupa ndi bongo wache zifuna chakudya. Ndipo mtsikana amene waphunzira kuopa mbale angathe kulowa m'nthenda yina yoopsa kopambana kunenepa.

Kwa aphunzitsi ndiri ndi mau pang'ono. Ndidziwa kuti kuyambira 2022, pamene sukulu za boma zinakhala zaulere, makalasi anadzala, ndipo mulikusenza katundu wolemera. Koma ola la masewera likalembedwa pa ndandanda, lisasanduke la masamu chifukwa mayeso ayandikira. Musalange mwana pomthamangitsa kuzungulira bwalo, pakuti mukatero mwamphunzitsa kuti kuthamanga ndi chilango. Ndipo mwambo uja woimiritsa akapitao awiri kuti asankhe anzao mmodzi mmodzi, wonenepa natsala yekha pakati anthu onse alikumuyang'ana, ulekeke. Mphunzitsi agawe yekha magulu. Tonse tinyadira Barbra Banda, amene anayambira pa mabwalo a fumbi a m'Lusaka muno, ndi Muzala Samukonga amene anatitengera mendulo ku Paris m'chaka cha 2024. Koma bwalo la sukulu likakhala la ana khumi othamanga koposa, mazana otsalawo ali chikhalire pansi pa mtengo, sukuluyo yapeza chikho nitaya ana.

Malo abwino alipo. Olympic Youth Development Centre, imene inatsegulidwa m'chaka cha 2010 m'mbali mwa Great North Road, iri ndi mabwalo a masewera a mitundu yambiri. Koma mwana wa ku Chelstone kapena wa ku Woodlands afunika mabasi awiri kuti akafike kumeneko, ndipo chimene chimchiritsa ndi bwalo limene angafikeko pansi, tsiku liri lonse, amai ache osada nkhawa. M'chaka cha 2022 ndalama za Constituency Development Fund zinakwezedwa kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa konsitichuwensi iri yonse. Pamene mukhala pa misonkhano ya m'wodi mwanu kupempha miseu ndi mipopi, alipo kodi amene amaimirira kupempha kuti bwalo lotsala lija lisungidwe, lisalazidwe, liikidwe magoli ndi nyale? Mipingo nayo iri ndi mabwalo amene amakhala opanda munthu kuyambira Lolemba kufikira Lachisanu.

Ndibwerere kwa inu, amai a ku Chelstone. Mwafunsa kuti mumvere yani. Atengeni agogo mupite nao kukiliniki pamodzi ndi mwanayo, kuti amve okha kwa anesi, afunsenso mafunso ao. Musawauze inu, pakuti mau a mpongozi pa nkhani ya mdzukulu salowa msanga. Muwatsimikizire kuti palibe amene afuna kuondetsa mwana. Ndipo muwapatse mbali yao: ngati adziwa chitelele kapena chimtali amphunzitse mdzukulu wao m'bwalo la nyumba, ndi kumuonetsa katenderedwe ka chibwabwa. Mwanayo musamkakamize kubwerera msanga kubwalo kumene anamseka. Ayambe ndi inu, madzulo, m'miseu ya kwanuko, kapena ndi chingwe kuseri kwa nyumba pamodzi ndi mnzache mmodzi womkhulupirira. Mumfunsenso mwakachetechete za zobvala. Atsikana ambiri a thupi lalikulu amathawa masewera chifukwa cha kabudula wothina ndi kusowa chobvala chogwira bwino pachifuwa, ndipo zimenezi sangauze mphunzitsi wamwamuna, ngakhale atate ao. Mukaone aphunzitsi ache pa za kusekedwa kuja, mwana asalipo.

Mvula ikatha mundilemberenso, amai, mundiuze m'mene zayendera, zabwino ndi zobvuta zomwe, ndipo mukalola ndidzawerengera anzanu kalatayo. Sabata yamawa pa nthawi yomwe ino tidzakamba za tulo ta ana a sukulu ndi foni zimene amagona nazo.